Yambani Inu

Alamu anga amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi pomwe mabasi amakhotera. Anthu a mumsewu wathu amangowatchula kuti a Chidendene, moti ena sadziwa n'komwe kuti ali ndi dzina lina. Ntchito yawo ndi yowerama. Munthu akafika, iwo amayamba ayang'ana kuphazi, nkhope pambuyo, mwinanso osaiyang'ana n'komwe. Mukawafunsa kuti, "Kodi uje wadutsa?" amayankha kuti, "Wa nsapato zakuda zodyekera kumanzere uja? Wadutsa." Pambali pawo pamakhala bokosi la matabwa momwe muli nyundo, timisomali, ulusi wopaka phula, ndi chitini cha guluu chomwe fungo lake linawalowerera m'zovala mpaka kutchalitchi amanunkha lomwelo.

Anakwatira achemwali anga, amene anandilera ine mayi athu atatisiya. Ineyo ndimakolopa pasukulu ya pulayimale, ndipo anthu amati pakamwa panga palibe loko. Ndiye mundikhululukire ndikamaikamba mokalipa nkhaniyi. Ikundiwawabe.

Banja limenelo linali ndi nthenda imodzi yomwe ine ndinkaida kuposa shuga wa achemwali, nthenda ya ulemu. Mphatso ya ana sanaione, choncho chikondi chonse chomwe chikanapita kwa ana ankangothirana okhaokha. Tiyi akafika patebulo, achemwali amvekere, "Yambani inu, abambo." Alamu nawo, "Ayi, yambani inu, amayi." Mpaka tiyi kuzizira. Dzira likakhala limodzi ankalidula pakati ndi ulusi, kenako n'kuyamba kukankhirana mbali yomwe ikuoneka yaikulu. Tsiku lina ndinawapeza pakhomo la nyumba yawoyawo mvula ikuwanyowetsa, aliyense akuti mnzake ayambe kulowa. Ndinati, "Koma abale inu, mwalodzedwa?" Iwo anangoseka, ine n'kudutsa pakati pawo n'kulowa.

Achemwali shuga anawagwira kalekale. Pambuyo pake kunabwera bipi, kenako miyendo inayamba kutupa mpaka nsapato za m'sitolo zinasiya kuwalowa. Alamu anawasokera masandasi otambalala, a malamba oti ukhoza kumasula phazi likatupa kwambiri. Kuchipatala ankawatengera panjinga. Ankamanga pilo pakaliyala, achemwali n'kukhala pamenepo, iwo n'kumakankha wapansi, chifukwa kupalasa ankaopa kuwagwetsa.

Mliri utafika, wailesi sinabise mawu. Inati matendawa akuyambira kutenga okalamba ndi odwala shuga ndi bipi. Alamu anamva zimenezo ali ndi nsapato ya munthu m'manja, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanagonenso kuchipinda. Akaweruka ankavulira malaya panja, kusamba ndi sopo mpaka m'zigongono, n'kukayala pansi pabalaza. Ankalankhulana ndi akazi awo kudzera pachitseko chotsegula pang'ono. Ntchito sakanasiya, m'nyumba mukanadyedwa chiyani? Koma tsiku lililonse ankabwerera kunyumba ali ndi mantha oti imfa ya akazi awo aitenga okha pamsewu, m'nsapato za anthu.

Ndiye katemera anabwera. Tinamuonera pa kanema wa m'sitolo ya zitsulo muja, mabokosi akutsika m'ndege, akuluakulu akupinda malaya n'kumamwetulira. Mumsewu mwathu nkhani inali ina. Wometa ankauza aliyense wokhala pampando wake kuti wobayitsa sabereka. Mayi wogulitsa makala ankati ndi chizindikiro cha chilombo. Ena amati ukabayitsa supuni imakumamatira pamkono. Ife anatibayira kusukulu konko pamodzi ndi aphunzitsi, osatifunsa zambiri. Mkono unalemera, mutu kuwawa pang'ono, basi. Ndinathamangira kwa achemwali n'kuwaonetsa phewa.

"Onani, sindinafe, mchira sindinamere. Mawa tikupita."

Tinapitadi, koma mochedwa, chifukwa m'mawa achemwali shuga anali atakwera. Chipatala chathu n'chaching'ono: khonde la mabenchi, chipinda cha mankhwala, ndi chipinda chobayira chokhala ndi firiji yomalira ngati mphaka. Namwino wake ndi mtsikana wamtali wa magalasi, wa mawu otopa. Anatsegula bokosi lozizira n'kukweza kabotolo m'mwamba kuti akaone bwino.

"Muli angati obayitsa?"

"Tili awiri," anatero alamu.

"Iii, mwatsala wa munthu mmodzi. Kabotolo kamodzi n'ka anthu khumi, ndipo kakatsegulidwa sikagona, dzuwa likalowa katayidwa. Kena sindingatsegulire munthu mmodzi nthawi ino. Ndiye sankhani, ndibaye ndani?"

Ine ndinadziwa chomwe chikubwera.

"Abayeni amayiwa, ndi odwala," anatero alamu.

"Ayi, abayeni abambowa," anatero achemwali. "Iwowa ndi amene amakhala pamsewu tsiku lonse. Ine ndimangokhala m'nyumba."

"Amayi, yambani inu."

"Abambo, inu mukadwala ine andikankha ndani panjinga? Yambani inu."

Ndinakalipa mpaka mlonda anasuzumira pawindo. Ndinati, "Achemwali, pindani dzanja la bulauzilo! Alamu, khalani chete! Uyu si tiyi!" Koma anthu awiri amenewo akayamba zawozo sumawatha. Achemwali anagwira bulauzi mwamphamvu, alamu anabisa mikono kumbuyo. Pomaliza anagwirizana chinthu chomwe kwa iwo chinali chanzeru: abwere mawa m'mamawa, adzabayitse onse awiri limodzi. Pabenchi panali bambo wina wa chikwama cha muofesi amene ankangotimvetsera. Anadzuka n'kufunsa mwaulemu kuti, "Ngati simukufuna, ndingalowe?" Alamu anamupatukira njira, n'kumuthokozanso. Zoona, anamuthokoza!

Pobwerera ndinawalalatira njira yonse. Ndinati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Achemwali ali pakaliyala paja anangoti, "Iwe, mawa si kutali."

Mawa lake miyendo inawatupa moti ngakhale masandasi aja sanalowe. Mkuja wake kunagwa mvula yosalekeza. Tsiku lomwe tinafikako, mlonda sanatsegule n'komwe geti lonse. Anati katemera watha, osati pano pokha, dziko lonse. Wina anawonongeka m'mafiriji anthu akukana kubayitsa, boma linachita kumutentha, ndipo wotsalayo watha. Wina abwera liti? Kaya.

Nthawi imeneyo ndi yomwe mliri unabwerera ndi ukali. Wowotcherera zitsulo, chimunthu champhamvu chomwe chinkanyamula geti chokha, anadwala Lachiwiri, Loweruka anthu ovala zoyera anali akumukwirira, abale ataima patali. Ambulansi inasiya kuliza belu, inkangodutsa. Alamu anaonda mpaka lamba anamuboola kabowo kena. M'mawa uliwonse asanatsegule bokosi lawo ankayamba adzera kuchipatala kukafunsa. Mlonda anafika pomangopukusa mutu akawaonera patali.

Katemera atabweranso, anabwera ndi lamulo. Poti woyamba uja anatayika wambiri, tsopano kabotolo sikatsegulidwa pokhapokha anthu khumi atakhala pabenchi, namwino n'kuwawerenga ndi maso ake. Kuchipatala chachikulu cha m'tauni khumi ankakwana msanga, koma kumeneko n'kokwera mabasi awiri odzaza anthu otsokomola, n'kukaima pamzere tsiku lonse. Achemwali sakanatha. Kwathu kuno anthu ankabwera mmodzimmodzi, kukhala pabenchi, kutopa, n'kumapita. Maliro onse aja sanawachotse mantha a jakisoni. Mphekesera yatsopano inali yoti uyu ndi katemera wotsala, amene mayiko ena anamukana.

Tsiku loyamba tinakhala pabenchi anthu anayi mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lina tinafika asanu ndi mmodzi, koma awiri anatopa n'kuchoka wina asanabwere. Achemwali ankakhala pakona, masiki kukamwa, miyendo itasanjikidwa pakatoni. Ine ndinalowa kwa namwino n'kutseka chitseko.

"Anamwino, ndibayeninso ine. Mundiwerenge. Mkono winawu ulipo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, mukufuna andichotse ntchito? Inu tsiku lanu lachiwiri silinakwane."

"Nanga tsegulani basi! Munthu akufa mukusunga madzi m'botolo?"

"Ndikatsegulira anthu anayi, ndataya wa anthu asanu ndi mmodzi. Amenewonso ali ndi achemwali awo." Ananena motsitsa, ndipo ndinaona kuti m'maso mwake muli misozi. "Ndipezereni khumi," anatero, "ndibaya ngakhale mvula ikugwa."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Alamu anga, munthu amene chibadwire sanapemphepo ngakhale machesi kwa neba, anayamba kupempha. Kwa nthawi yoyamba anadzutsa mutu n'kumayang'ana anthu kumaso. Wobweretsa nsapato aliyense ankamufunsa, "Pepani, kodi munabayitsa?" Ena ankaseka. Ena ankalanda nsapato zawo n'kupita nazo kwina. Wometa anati, "A Chidendene, ine ndikufuna ana ena awiri, musandiphere mtundu." Mayi wa makala anawauza kuti apemphere kolimba, asiye kudalira anthu. Ambiri ankangovomera kuti, "Tibwera mawa," mawa lake osaoneka. Alamu sadziwa kukangana. Munthu akakana, iwo ankati, "Zikomo, pepani ndakuvutitsani," n'kuweramanso.

Nzeru yomaliza anaipeza okha, ndipo ine nditaimva ndinaseka koyamba m'nyengo yonseyo. Anasoka nsapato zonse zomwe zinali m'bokosi, koma osabweza ngakhale imodzi. Mwini wake akabwera, ankamuuza kuti, "Zatha, koma mukazitengere pageti la chipatala Lachisanu m'mawa. Kumeneko n'komwe ndikakhale." Anthu anadandaula, ena anatukwana, koma munthu sangasiye nsapato zake.

Lachisanu ndinalawirira kunyumba kwawo kuti ndikawathandize kukweza achemwali panjinga. Ndinawapeza kuchipinda akudzipukuta kumaso ndi kansalu konyowa. Nditawagwira mkono ndinamva kutentha ngati mbaula.

"Achemwali, mwayamba liti?"

"Usawauze alamu ako," anandinong'oneza. "N'chimfine chabe. Avutika kwambiri kusonkhanitsa anthuwa."

Anatsokomolera m'pilo kuti pabalaza pasamveke. Ndinadziuza kuti mwina n'chimfinedi, mwina jakisoniyo akalowa lero athandiza. Munthu ukathedwa nzeru umakhulupirira zilizonse.

Pageti alamu anakhuthula thumba la nsapato n'kuzindandalika bwinobwino, zopolishidwa, zowala. Eni ake anayamba kufika. Aliyense akawerama kuti atole zake, alamu ankagwada pafumbi pomwepo, bambo wa imvi, n'kunena kuti, "Chonde, ndithandizeni. Akazi anga ali apo. Tikungofuna tikwane khumi." Ena anatola nsapato n'kuthawa osacheuka. Koma kugwadiridwa ndi munthu wamkulu n'kovuta. Telala analowa. Mlonda wa sitolo ya zitsulo analowa. Mkazi wa malemu wowotcherera uja analowa ndi ana ake aakulu awiri. Analowa mphunzitsi wina wopuma ntchito, ndi dalaivala wa lole. Zinatsala nsapato za wometa. Iye anaima nthawi yaitali nsapato zili m'manja, akuyang'ana achemwali pakona paja.

"Asa! Ana ndili nawo kale anayi," anatero. "Tiyeni, koma ndikafa mudzandimete bwino."

Namwino anatuluka n'kuwerenga ndi chala, kuyambira kwa telala mpaka kwa achemwali. Khumi! Alamu anavula chipewa n'kuchifinya pachifuwa. Kenako namwino anatenga kamakina koyezera kutentha thupi n'kuyamba kuloza pachipumi pa aliyense. Atafika pa achemwali, kanalira. Anayesanso, kanaliranso. Anawalowetsa m'chipinda, n'kuwapisa kathonje m'mphuno, ife tikudikira panja. Atatuluka sanayang'ane alamu, anayang'ana ine.

"Ndawapeza nawo matendawa. Munthu amene wadwala kale sitimubaya, katemera si mankhwala ochiza. Ndipo mpweya wawo watsika. Ndaitana ambulansi."

Benchi lonse linasuntha. Dalaivala anadzuka n'kuyamba kuyang'ana kugeti. Wometa anakweza masiki mpaka m'maso. Ndinaona kuti kanthawi kochepa anthu onsewa abalalika, ndipo namwino naye anaona, chifukwa anati motsitsa, "Tsopano mwatsala asanu ndi anayi."

Apo achemwali analankhula ali pampando wa m'chipinda muja, chitseko chili chotsegula. Mawu ankatuluka modukaduka.

"Anamwino, mwana wanga, unati khumi akhale pabenchi uwawerenge ndi maso. Unawerenga. Ine ndinabwera. Tsegula."

Namwino anapita pafiriji, n'kutulutsa kabotolo, n'kukabowola. Anatulutsa tebulo lake pakhonde n'kuyamba kubaya. Telala, mlonda, mayi wamasiye ndi ana ake, mphunzitsi, dalaivala, wometa amene anatsinzina ngati mwana. Anatsala alamu. Iwo anali ataima pakhomo la chipinda chija, mikono kumbuyo, ndipo ndinadziwiratu.

"Ine ndidikira amayiwa achire," anatero. "Tidzabayitsa limodzi. Tinapangana."

Chibadwire sindinamvepo achemwali akukweza mawu kwa amuna awo. Tsiku limenelo anakweza, ndi kampweya kochepa komwe anali nako.

"Abambo! Musayambenso zija. Zija n'zimene zatifikitsa pano. Pindani malaya." Anatsokomola mpaka kugwira khoma. Atapeza mpweya ananena mofatsa, monga ankanenera patebulo, "Yambani inu."

Alamu anapinda malaya. Singano ikulowa, misozi inali ikutsikira m'masiki, maso ali pa akazi awo. M'banja lonse lija, chimenecho chinali chinthu choyamba chomwe analandira mnzawo asanalandire.

Ambulansi inafika ndi anthu ovala zoyera. Anati wachibale saloledwa kukwera, ndipo kumatenti komwe akupita nawo kulibe kuzonda. Akuwakweza, achemwali anakodola alamu, iwo n'kuyandikira mpaka pomwe anawaletsa.

"M'kabotolomo mwatsala wanga. Musalole atayidwe. Mupezereni munthu."

Chitseko chinatsekedwa. Njinga inatsala itatsamira mpanda, pilo ali pakaliyala.

Ndinkayesa alamu athamangira ambulansi, koma ayi. Anatuluka pageti n'kukaima pakati pa msewu, kathonje kali pamkono. Nsapato zinali zitatha, analibenso chokopera munthu. Ankangoimitsa aliyense wodutsa. "Pepani bambo, kwatsala katemera mmodzi, ngwa akazi anga." "Pepani mayi, n'ngwaulere, sachedwa." Anthu anali ataona ambulansi ija, ndiye ankawazemba ngati wamisala. Ine ndinagwira mbali ina ya msewu, ndipo sindinkapempha, ndinkakalipa. Ndinakoka mayi wina dzanja mpaka anandiopseza kuti akandinenera kupolisi. Ndinapita kwa mayi wa makala uja n'kumugwira miyendo, ine amene sindigwadira munthu. Anati andipempherera.

Dzuwa linapendeka, mithunzi n'kutalika. Namwino anadikira kupitirira nthawi yake yoweruka, ataima pakhonde ndi kabotolo m'manja. Pomaliza anatiyandikira n'kunena kuti nthawi ya kabotoloko yadutsa, ngakhale munthu atabwera tsopano sangamubaye. Alamu anapempha kuti awapatse kabotoloko akasunge kunyumba. Namwino anati n'zosaloledwa. Anakaponya m'katoni yachikasu yotayamo masingano, ndipo tonse tinamva kakugwera pansi. Kawiri konse katemera wa achemwali anali m'chipinda chimenecho, kawiri konse sanalowe m'thupi mwawo.

Sabata sinathe. Uthenga unabwera pafoni yanga ndili ndi chokolopera m'manja. Sitinawasambitse, sitinawaone nkhope. Tinaima patali monga anaimira abale a wowotcherera, anthu ovala zoyera akutsitsa bokosi lokulungidwa m'pulasitiki. Ine ndinalira motukwana. Ndinatukwana mliri, boma, wometa ndi mabodza ake, bambo wa chikwama uja amene sanalakwe kanthu. Alamu ndinalephera kuwatukwana, ngakhale mawu anali pakamwa. Iwo sanalire mokweza. Anabwerera kunyumba akukankha njinga, ndipo mpaka lero pilo uja sanamumasule.

Masiku ano wailesi ikuti zinthu zikuyenda bwino, anthu ochuluka abayitsa, katemera aliko wokwanira. Ngakhale mayi wa makala anabayitsa, mwana wake atamuuza kuti kuntchito akufuna aliyense wa m'nyumba abayitse. Mwina n'zoona kuti zikuyenda. Ine ndikamva ndimatseka wailesi.

Nthawi ya jakisoni wachiwiri wa alamu itakwana, sanafune kupita. Ndinachita kukawatsekera bokosi la nsapato ndekha n'kuwauza kuti achemwali sanakalipe pachabe tsiku lija. Anavala chipewa n'kunditsatira. Pabenchi panali anthu ambiri ndithu, ndipo namwino uja anali pakhomo, akuwerenga magulu oti alowe. Anafika pa ife maso ali kwina, atatopa monga mwa masiku onse, n'kufunsa funso lake lomwe lija.

"Muli angati obayitsa?"

"Tili awiri," anatero alamu.

Namwino anatembenuka, n'kuwazindikira. Ankadziwa kuti ine ndinamaliza kale zanga. Anayang'ana kumbuyo kwawo komwe kunalibe munthu, n'kutsegula chitseko. Alamu anafika pakhomo paja, n'kuima, n'kupatukira pambali pang'ono kuti wina ayambe kulowa. Anadikira. Ndinangowagwira pamkono n'kulowa nawo.